Jasi la Pulofesa Lili ndi Ine

Amene anaba mabokosi asanu ndi limodzi a mwana wanga ndi Pulofesa, mkulu wa dipatimenti yake, yemwe uja mumamupatsa moni mutapinda msana. Anaba Loweruka, masanasana. Ndayamba ndi zimenezi kuti musavutike kufunafuna. Inu a Wapampando a komiti yofufuza, mlembi wanu wandibweza kawiri, akuti sindine wa pa yunivesite pano. Chabwino. Bwezani pepalali tione.

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ntchito yanga ndi kuchapa ndi kusita majasi oyera a mulabu, zaka khumi ndi zinayi tsopano, kuyambira pomwe bambo a mwanayu, amene anali dalaivala wa pano, anatisiya.

Mwana wanga anamaliza udokotala chaka chatha. Osati wa jakisoni, wa kafukufuku. Zaka zinayi akugwira udzudzu ndi kuuika m'timabotolo ta sipiriti, kuti adziwe chifukwa chake mankhwala opopera sakuuphanso. Yunivesite ina inalengeza ntchito ya zaka ziwiri ya omwe angomaliza udokotala, malo amodzi okha. Anafunsira ambirimbiri, anatenga iye. Tisanamalize n'kusangalala komwe, kumeneko kunafika kalata yopanda dzina, yoti zimene analemba m'buku lake n'zopeka, udzudzuwo kulibe. Iwo anati komiti yanu ione mabokosi a udzudzuwo pofika Lachisanu la sabata ino, apo ayi malo apita kwa wachiwiri.

Lachisanulo ndi mawa.

* * *

Lolemba cha m'ma eyiti foni inalira ndili pa beseni.

"Amayi, mulibe."

"Mulibe chiyani?"

"Mufiriji. Shelefu yonse ili mbee. Lachisanu ndinawerenga ndekha ndisanaweruke, analipo onse."

Ndinasiya zovala m'madzi. Ndinamupeza atakhala pansi, msana atatsamira chifiriji chachikulu chija chimachita utsi akachitsegula. Sanalire. Anangoti maso tong'o. Ine ndimaopa zimenezo kuposa misozi.

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine, a tekinishani ndi a Pulofesa. A tekinishani ali m'chipatala sabata yachiwiri ino, kiyi wawo ali ndi ine. A Pulofesa anapita kumsonkhano Lachinayi, abwera masana ano." Anakweza maso. "Mukuona mmene zikhalire? Anena kuti ndabisa ndine, poopa kuti andigwira bodza."

Ndinaima pakhomo la labu kuti mpweya undipite. Pamenepo pali misomali yokolekapo majasi. Ine ndimabweretsa oyera Lachisanu masana, mabatani onse nditamanga mpaka m'khosi, ndi kutenga akuda. Anthu ena amawerenga mabuku, ine ndimawerenga makolala. Maso anangopita okha.

Jasi la pa msomali woyamba mabatani anali omasula. Mikono inali yopinda kawiri. Ndinatembenuza kolala.

Panali mzere wakuda bii.

* * *

Mayi wokolopa ndinamupeza kumapeto kwa khonde akufinya mopu. Ameneyu pakamwa sipakhala dzimbiri.

"Amake Dokotala! Lero si Lachisanu, mwasokonezeka? Kapena mwapeza banja?"

"Bwera uone ichi. Nthawi ili bwanji?"

"Hafu eyiti. Mwatani?"

"Usaiwale nthawi imeneyo. Jasi ili n'la ndani?"

"Iih, funso limenelo! La agogo athu aja amafuna kukhala mnyamata." Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mankhwala odetsa imvi amenewo. Akatuluka thukuta amayenderera m'khosi ngati denga lodontha. Ndimawapukuta ngakhale pa mpando wawo."

"Ndinalikoleka Lachisanu masana lili loyera. Mwini wake anachoka Lachinayi."

Kuseka kunathera panjira.

"Usandiyang'ane choncho. Wapeza chiyani m'mabini m'mawa uno?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Mabini ndimakhuthula Lachisanu madzulo, Lolemba amakhala opanda kanthu. Koma lero m'bini ya pafupi ndi firiji munali magolovesi awiri. Ofiirira aja."

"Ndani amavala ofiirira?"

"Amake Dokotala, ine ndili ndi ana anayi."

"Ine ndili ndi mmodzi. Ndani?"

"Onse amavala oyera. Oyerawo iwo amawatulutsa nsungu m'manja, ndiye amaoda awoawo. Bokosi lake limakhala m'dirowa mwawo." Ananyamula chidebe. "Ine sindinanene kanthu. Ndangofotokoza za mabini."

Jasilo ndinalipinda, kolala mkati, n'kuliika m'chikwama changa iye akuona.

* * *

Mlonda wa Loweruka ndi bambo wachikulire, wopemphera, woopa ngakhale chithunzithunzi chake. Ndinamupeza Lachiwiri m'kanyumba ka pa khomo la kumbuyo.

"Mayi, ine ndimangotsegula ndi kutseka. Za m'katimo n'za ophunzira."

"Loweruka analowa ndani?"

"M'buku mulibe munthu."

"Sindinafunse buku, ndafunsa inu. Maso munawasiya kunyumba?"

Anavula chipewa n'kuyamba kuchizunguliza m'manja. "Cha m'ma leveni ndinapita kukatunga madzi akumwa. Pobwera ndinamva firiji ikulira, tiii, tiii, mmene imachitira chitseko chikakhalitsa chotsegula. Ndinasuzumira m'khonde. Ndinaona munthu wa jasi loyera akukankha kangolo, pamwamba pali chibokosi cha ayezi."

"Nkhope?"

"Anandipatsa msana."

"Simunamufunse kuti ndinu ndani?"

"Mayi, jasi loyera sitilifunsa. Ndinafunsapo kamodzi chaka china, ndinakhala kunyumba mwezi wathunthu."

"Wamtali, wamfupi?"

"Anthu onse analengedwa m'chifanizo chimodzi."

"A mlonda, musandilalikire. Mwamuna wanga anakunyamulani pa galimoto usiku uja mkazi wanu anadwala matenda a mwana. Wamtali, wamfupi?"

Anatsitsa maso. "Chogwirira cha kangoloko chimamufika pachifuwa."

"Anatulukira geti liti?"

"Ndi pamene pakundizunguza mutu." Analankhula motsitsa. "Kangoloko sikanatuluke panja. Kanalowa m'chikepe. Ndinaona nambala ikuyaka, kanakwera m'mwamba."

* * *

Wamfupi wotero m'dipatimenti muja ndi Pulofesa. Koma munthu amene ali kumsonkhano, ulendo wa maola atatu, angakankhe bwanji kangolo kuno? Pulofesa anali atauza kale aliyense kuti anachoka Lachinayi, anabwera Lolemba, ndipo ali ndi chisoni chachikulu. Chisoni! Anamugwira mwana wanga paphewa pamaso pa anthu.

Ndinapita ku galaja. Dalaivala amene anamutenga anali mnzake wa malemu, mpaka lero amanditcha mlamu. Anali akutsuka galimoto.

"Alamu! Mwabwera kudzandilola tsopano? Ndadikira zaka khumi ndi zinayi, tsitsi latha."

"Ndevu zako. Loweruka unali kuti?"

"Mwayamba nsanje ndisanakukwatireni?"

"Sindikuseka."

Anandiyang'ana, n'kutseka mpopi. "Ndinali komweko kumsonkhano. Abwana anati mutu ukuwawawa, agona tsiku lonse, ine ndikaone abale. Anati kiyi ndisiye kuti mwina angafune kukagula mankhwala."

"Unasiya?"

"Ndikane ndine ndani? Ndinapita kwa mlongo wanga, ndinabwera Lamulungu m'mawa."

"Galimoto unaipeza bwanji?"

"Pamalo pomwe ndinaisiya." Anakanda kumutu. "Koma polowa maondo anagunda chiwongolero, mpaka ndinatukwana. Mpando unali utakokedwa kutsogolo mpaka kumapeto. Galasi loonera kumbuyo likuloza pamimba panga."

"Ku sitolo ya mankhwala n'kutali bwanji?"

"Kungodumpha msewu. Ngakhale nkhuku imafika."

"Nanga mafuta?"

Anatenga nsanza n'kupukuta galasi lomwe linali louma kale.

"Ndinaisiya yodzaza. Ndinaipeza muvi uli pansi." Anandiyandikira. "Alamu, mverani. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu ameneyu komiti zonse za pano amakhalamo, kapena muli mnzake. Ine ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume."

"Akakufunsa a komiti, udzanama?"

"Sindidzayamba ndine kulankhula. Koma akandifunsa za mpando, mpando ndidzaunena."

* * *

Madzulo ake ndinamuyalira mwana wanga zonse patebulo, jasi, magolovesi, mpando. Ndimayesa adumpha. Anangogwira kumutu.

"Amayi, mundiphetsa."

"Ndikuphetsa ine? Amene wakubera ndi ine?"

"Simukudziwa mmene zimayendera. Kulikonse kumene ndingafunsire ntchito, afuna kalata ya umboni yochokera kwa iwo. Dzina lawo lili pa pepala lililonse la kafukufuku limene ndinalemba. Mukawanyoza, ine ndathera pomwepo."

"Ndiuze chimodzi. Akuberanji? Si yemweyu anakulembera kalata yokuyamikira?"

"Analemba chifukwa ankaganiza kuti sanditenga." Anaseka kuseka kowawa. "Mapepala asanu ndi awiri atuluka m'dipatimenti muja zaka zitatu zapitazi. Mukuganiza analemba ndani? Ophunzira awo amawaongolera ndani? Ine ndikachoka, m'labu muja mutsala mipando."

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Sikuti ankafuna kupatsa malowo m'bale wake ayi. Ankafuna mwana wanga akhale pompano, dzina litada, wopanda kopita, azimulimira munda mpaka imvi.

"Ndiye wataya udzudzu wako?"

"Kutaya? Amayi, munthu amene akudziwa zimene zili m'mabokosi aja sangataye. Udzudzu umenewo ungatulutse mapepala ena asanu a kafukufuku. Mwamva mlonda, anabwera ndi ayezi. Wofuna kuwononga sabwera ndi ayezi."

"Akasintha mayina pa mabokosi n'kunena kuti ndi ake?"

"Kunja angasinthe. Koma m'kabotolo kalikonse muli kapepala, m'sipiriti momwemo. Timalemba ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka. Tsiku, malo, ndi zilembo za dzina langa, dzanja langa. Timabotolo zikwi zitatu. Kuti achotse timapepala tonse, pafunika mwezi."

"Ndiye alipo. Ali m'mwamba."

"M'mwamba muli maofesi okhaokha, mulibe firiji."

Maofesi a m'mwamba sindiwadziwa. Koma ndikudziwa amene amawakolopa.

* * *

Lachitatu m'mawa mayi wokolopa atandiona anafuna kuthawira m'chimbudzi. Ndinamugwira mpango.

"Amake Dokotala, mwandiloza? Ndikulotani usiku wonse."

"M'mwamba muli firiji?"

"Mulibe. Kupatula kakufa kaja."

"Kakufa kati?"

"M'ofesi mwa abwana muli kachipinda ka mkati, kosungiramo mapepala akale. Muli kafiriji kakang'ono, chaka chonse kali kozimitsa. Ine ndimabisamo nsapato zanga zapamwamba ndikamakolopa, akuba achuluka." Anaima.

"Lankhula."

"Lachisanu nsapato zanga ndinaziiwala m'menemo, Lolemba ndinazipeza pa mpando. Ndinati abwana andigwira, ndiye ndinangozitenga mwakachetechete. Koma kafirijiko..." Anagwira pachifuwa. "Kakulira. Ndipo pali loko watsopano, wonyezimira."

Ndinakwera masitepe osadikira chikepe.

* * *

Mlembi wa Pulofesa anayesa kunditsekereza. Ndinamuuza kuti ndabwera za majasi, n'kukankha chitseko.

Pulofesa anali kuseri kwa chitebulo chachikulu, mutu uli bii ngati wa mwana wa zaka makumi awiri. Anaimirira, akumwetulira.

"Aa, amayi athu! Khalani, khalani. Nkhani ya mwana wathuyi yandisowetsa tulo."

Sindinakhale. Chitseko cha kachipinda ka mkati chinali chotseka, koma ofesi inali zii, ndipo ndinkakamva. Mmmmm. Ngati njuchi m'mphako.

"Bwana, Loweruka munali kuti?"

"Kumsonkhano, amayi. Aliyense akudziwa."

"Jasi lanu linali kuno. Linavala lokha magolovesi ofiirira, n'kukankha kangolo."

Kumwetulira sikunachoke, koma maso anauma.

"Jasi limakhala pa msomali. Aliyense angathe kulivala."

"Aliyense, inde. Panali majasi khumi ndi awiri pamenepo. Wakuba wanzeru akanatenga la mnzake, kapena osavala n'komwe. Koma inu zaka makumi atatu simunatsegulepo firiji ija opanda jasi ndi magolovesi. Mumakalipira ana tsiku ndi tsiku za zimenezo. Dzanja linangopita lokha pa msomali wanu. Mutatha munalikolekanso bwinobwino, poti simunaganizepo kuti jasi limachapidwa ndi munthu wa maso."

"Lili kuti?"

"Lili pabwino. Silinaone sopo."

Anazungulira tebulo pang'onopang'ono, n'kutseka chitseko cha kwa mlembi. Ndinagwiritsa chikwama.

"Amayi, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Mwana wanu ndi wanzeru, koma sanakhwime. Kumene akufuna kupitako akamudya wamoyo. Kuno ali pakhomo. Atalemba kalata lero yoti wasintha maganizo, sakufunanso ntchito ijayi, nkhani yonseyi ikhoza kuzizira. Komiti ndi anthu, timamvana. Ndipo zinthu zotayika, mukudziwa, nthawi zina zimapezeka. Mwezi wamawa, mwezi winawo."

"Malo atapita kwa wina."

"Malo amabwera ndi kupita."

"Tsegulani kachipindako."

"Muli mapepala a mayeso. Simuloledwa."

"Mapepala amalira?"

Apo ndiye kumwetulira kunagwa. Analoza chala pamphuno panga.

"Mayi iwe, ukudziwa amene ukulankhula naye? Mwamuna wako ndinamuika m'manda ndine, bokosi linachokera mu ofesi muno. Ntchito ya majasi ndinakupatsa ndine, chifukwa cha chisoni. Kuyambira lero yatha. Bweretsa jasi langa pofika mawa, apo ayi ndikuitanira apolisi, wakuba katundu wa yunivesite."

"Aitaneni. Abwere ndi chodulira loko."

Ndinatuluka. Nditafika pakhonde ndinaona benchi moyang'anizana ndi chitseko chake, pomwe ophunzira amadikirira. Ofesiyo khomo lake ndi limodzi. Ndinakhala pamenepo.

* * *

Dzulo ndinachoka pomwe mlonda amatseka nyumba yonse, Pulofesa atapita kale chimanjamanja. Mlondayo sanandiyang'ane, koma ndinamuona akuwonjezera unyolo pa khomo la kumbuyo, umene sindinauonepo n'kale lonse. Lero potsegula anandipeza ndaima pakhomo.

Cha m'ma seveni chikepe chinatseguka. Pulofesa, atanyamula chibokosi cha ayezi. Atandiona anaima ngati waponda minga.

"Mwadzuka bwanji, bwana!" Ndinakuwa kuti khonde lonse limve. "Ayezi m'mawamawa, kuli phwando? Ndikuthandizeni kunyamula?"

Zitseko ziwiri zinatseguka. Mphunzitsi wina anasuzumira, magalasi ali pamphuno. Pulofesa anati chibokosicho n'cha kunyumba, anangoiwala kuchisiya m'galimoto. Analowa nacho. Sichinatulukebe.

Cha m'ma teni anabwera mwana wanga, maso ali psuu. M'manja muli envulopu.

"Amayi, tiyeni kunyumba. Anthu akukujambulani pa foni."

"Andijambule, ndasamba. N'chiyani chimenecho?"

Ndinamulanda. Chingerezi changa n'choperewera, koma ndinamva. Inali kalata yokana ntchito ija. Anali atasaina kale.

"Andiimbira foni," anatero. "Akuti ndikapereka lero isanakwane faifi, dzina langa liyera. Ndikapanda kutero, mawa komiti ilemba kuti ndinapeka kafukufuku, ndipo udokotala womwe andilanda. Amayi, ntchito ndingathe kuitaya. Koma udokotala?"

Ndinamuyang'ana. Mwana amene ankawerenga pa thabwa langa lositira chifukwa tebulo tinalibe. Amene udzudzu womwewo unamugoneka m'chipatala kawiri. Wandipempha zinthu zochepa pamoyo wake, ndipo lero amandipempha kuti ndimulole agwade.

"Ndipatse mpaka folo koloko," ndinatero. "Ikakwana folo palibe chachitika, ndikubwezera kalata yako, ukachite zimene ukufuna. Sindidzakunena."

Anakhala pambali panga. Ali pompano pamene ndikulemba, mutu uli pa phewa langa, ngati kale.

* * *

Tsono a Wapampando, pepalali ndalembera pa bondo, m'kope la mayi wokolopa, ndipo ndi yemweyo akubweretsereni pobwera kudzakolopa mwanu, chifukwa mopu mlembi wanu saibweza. Zolakwika za kalembedwe muzikonze nokha, ndinu ophunzira.

Sindikukupemphani kuti mundikhulupirire. Ndine wochapa, ndipo ndakwiya, mwina munena kuti mkwiyo wandipengetsa. Wamisala anaona nkhondo. Sindikuti mumange munthu, sindikuti mufunse dalaivala kapena mlonda, asiyeni adye ntchito zawo mumtendere. Ndikuti mutsike pa mpando wanu, muwoloke bwalo, mukwere nyumba ya labu mpaka pamwamba. Ndi mphindi zisanu, ine wa nyamakazi ndimatha zisanu ndi ziwiri. Muuze mnzanuyo atsegule loko. Mutenge kabotolo kamodzi, kalikonse kamene mungakonde, mukayang'anitse pa windo, muwerenge kapepala kali m'katimo.

Mukapeza mapepala a mayeso, ndidzagwada pakhonde pano pamaso pa ophunzira onse, jasi ndidzabweza lochapa, ndipo apolisi sadzavutika kundifuna.

Koma mukapanda kubwera, musadzanene kuti simunadziwe. Mawa mukamasaina kuti mwana wanga ndi wabodza, mudzakhala mukudziwa chipinda, firiji ndi mtundu wa loko.

Akuti inu ndi iye munaphunzira limodzi, ndipo mumamwa tiyi limodzi Lachinayi lililonse masana. Lero ndi Lachinayi. Ndiye mubwera ndithu pa khomo limeneli, ndipo mudutsa pamaso panga. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti mukubwera kudzamwa tiyi kapena kudzatsegula firiji.

Wotchi ya pakhonde pano ikuti kota pasiti wanu. Musanditumizire mlembi. Musandiuze kuti nkhaniyi ili m'manja mwa komiti, komitiyo ndinu. Ndiyankheni nokha, ndi pakamwa panu, pamaso pa mwanayu: mutsegula kapena simutsegula?